Zaka 12 mu wodi: kodi pa tebulo la mfundo za zaumoyo pali mpando wa achemwali?

M'mabanja mwathu muno sukulu timaisangalalira kawiri basi: tsiku lomwe dzina la mwana latuluka kuti wasankhidwa kupita ku koleji, ndi tsiku lomwe wavala gauni. Zikatero timati watha, akagwire ntchito athandize abale ake. Munthu akafika zaka 35 kapena 40, ali ndi ana, ngongole ya banki mkhonde ndi nyumba yomwe inaimira pa windo, nkhani yophunziranso imamveka ngati ya anthu osowa chochita. Komatu kunja kuno kuli mwayi womwe anaukonzera anthu a msinkhu umenewu ndendende, osati ife amene tangotuluka kumene ku yunivesite. Dzina lake timangolitchula m'Chingerezi momwemo, fellowship.

Ine sindine wa zachipatala. Ntchito yanga ndi yolemba. Ndimalembera mabungwe ndi makampani nkhani za pa webusaiti, timauthenga ta pa Facebook, nthawi zina malipoti. Za ma fellowship ndinazidziwira kwa achemwali anga aakulu. Iwowa ndi namwino komanso mzamba, ali ndi zaka 38, ndipo agwira ntchito zaka 12 m'zipatala za boma. Zaka 7 mwa zimenezi anali pa chipatala chaching'ono chakumudzi chomwe msewu wake umaduka dzinja lililonse.

Mfundo za zaumoyo n'chiyani kwenikweni?

Mawuwa amamveka ngati za anthu a mataye ku Capital Hill, koma zimathera pa ife tomwe. Funso loti ndi mankhwala ati agulidwe, ndani aloledwe kuwapereka, ndalama zipite kuti kaye, mayi woyembekezera alipire kapena asalipire, lonselo limayankhidwa pa pepala kaye, kenako n'kudzatipeza pa benchi ya ku chipatala.

Chitsanzo chomwe achemwali amakonda ndi cha Option B+. Kale mayi woyembekezera akapezeka ndi HIV, ankayenera kuyezedwa CD4 kaye kuti adziwe ngati ayambe kumwa ma ARV kwa moyo wake wonse kapena angomwa oteteza mwana. Vuto linali loti makina a CD4 kunalibe m'zipatala zambiri zakumudzi, ndiye amayi ambiri ankasowa panjira zotsatira zisanabwere. Mu 2011 dziko la Malawi linaganiza zongoyambitsa ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo, osadikira makinawo. Mayiko ena anatengera, ndipo mu 2013 bungwe la WHO linaika njirayi m'malangizo ake. Ganizoli linachokera kuno kwathu, kwa anthu amene ankadziwa mmene chipatala chakumudzi chimakhalira.

Chitsanzo china ndi mgwirizano wa boma ndi zipatala za CHAM, zija za mipingo. M'madera momwe chipatala chapafupi ndi cholipira, boma limapangana nacho kuti amayi oyembekezera ndi makanda athandizidwe mwaulere, bilu n'kupita ku boma. Mayi wa kumudzi sadziwa kuti kuli pepala lotere. Amangoona kuti chaka chino sanamufunse ndalama.

Achemwali ali ndi nkhani yawoyawo, ya chidikiro. Amayi okhala kutali amauzidwa kuti masiku akayandikira abwere adzadikirire pa chipatala. Malangizowo ndi abwino. Koma iwo anaona kambirimbiri mayi akufika, ufa womwe anabwera nawo n'kutha pakatha sabata ziwiri, womudikirira n'kubwerera kumunda, mayiyo naye n'kuzemba usiku, n'kukachilira kunyumba kapena panjira. "Amene analemba zimenezi anagonapo pa chidikiro?" Funso limeneli ndalimva pa Khrisimasi, pa maliro, ngakhale pa chinkhoswe. Kwa zaka zambiri linkathera pa khonde la amayi.

"Iwe wachingerezi, tawerenga ichi"

Tsiku lina ananditumizira linki pa WhatsApp. Pansi pake analemba kuti: "Iwe wachingerezi, tawerenga ichi undiuze ngati zili za anthu ngati ife, kapena ndi za mabwana."

Ndinatha sabata yathunthu ndikufufuza, bandulo ikutha ngati madzi. Choyamba chomwe ndinamvetsa n'chakuti scholarship ndi fellowship sizofanana kwenikweni. Scholarship imakulipirira kuti ukapeze digiri. Fellowship nthawi zambiri siipereka digiri. Imatenga munthu amene wagwira kale ntchito zaka zingapo, n'kumupatsa nthawi, aphunzitsi, womulangiza ndi anzake ochokera m'mayiko ena, kuti zomwe akudziwa kale aziike m'njira yoti olamula ndalama ndi malamulo azimve. Nazi zina zomwe ndinawalembera.

Hubert H. Humphrey Fellowship ndi ya boma la America, inakhazikitsidwa mu 1978. Imatenga miyezi 10 pa yunivesite ina ya kumeneko, siipereka digiri, ndipo imafuna munthu wokhala ndi digiri yoyamba ndi zaka zosachepera 5 za ntchito. Mfundo ndi kayendetsedwe ka zaumoyo ndi limodzi mwa magawo ake. Mafomu amadzera ku ofesi ya kazembe wa America.

Commonwealth Professional Fellowships ndi za ku Britain. Izi ndi zazifupi, za masabata angapo mpaka miyezi itatu, ndipo munthu amakakhala pa bungwe lina kumeneko n'kumaona mmene anzake amagwirira ntchito yonga yake. Nazonso zimafuna zaka 5 za ntchito.

Chevening, ya boma la Britain, yomwe inayamba mu 1983, imadziwika kwambiri ndi scholarship ya masters ya chaka chimodzi. Imafuna zaka ziwiri za ntchito, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Amene akufuna masters ya zaumoyo wa anthu kapena ya chuma cha zaumoyo amatha kudzera pamenepa.

Kofi Annan Global Health Leadership Programme ndi ya kuno ku Africa. Inakhazikitsidwa mu 2020 ndi Africa CDC, nthambi ya African Union yomwe likulu lake lili ku Addis Ababa. Fellowship yake imatenga chaka, imafuna munthu wokhala ndi digiri yachiwiri, ndipo munthu sasiya ntchito yake.

Atlantic Fellows for Health Equity, yomwe imayendetsedwa ndi George Washington University, nayo ndi ya chaka chimodzi chosasiya ntchito. Maphunziro ambiri amachitikira pa intaneti, kenako mumakumana maso ndi maso kangapo pa chaka.

Takemi Program ya ku Harvard, yomwe inayamba mu 1983, ndi ya anthu amene ali ndi kafukufuku woti akamuzamitse. Kwa okonda kafukufuku palinso CARTA, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa womwe umathandiza aphunzitsi ndi ofufuza kuchita PhD kuno konkuno.

Palinso zina zoti musataye nazo nthawi musanawerenge bwino. Harkness Fellowship imaperekedwa ndi Commonwealth Fund, ndiye ukamva dzinali umati basi, Malawi ali mu Commonwealth. Ayi ndithu. Limeneli ndi bungwe la ku New York lomwe silikhudzana ndi mgwirizano wa mayiko uja, ndipo limatenga anthu a m'mayiko ochepa osankhidwa, monga Britain, Australia ndi Germany. Mandela Washington Fellowship, ya masabata 6 ija, imathera pa zaka 35. Achemwali atafika pamenepa anangoseka. "Ndiye kwa achinyamata ndakalamba, kwa mabwana ndachepa. Ndili pati ine?"

Ali pakati, ndipo anthu a pakatiwa ndi amene anyamula zipatala zathu. Ma pulogalamuwa amasintha chaka ndi chaka, ena amaima kaye ndalama zikavuta, choncho tsamba lawo lenileni ndi lomwe liyenera kukuuzani ngati akulandira mafomu. Chinthu chimodzi sichisintha: Chevening, Humphrey ndi Mandela Washington salipiritsa fomu. Wina akakuuzani kuti mutumize kenakake pa foni kuti dzina lanu lidutse, ameneyo ndi wakuba.

Chipata choyamba ndi pepala

Pafupifupi onsewa amafuna digiri. Achemwali anayamba ndi dipuloma, n'kudzapeza digiri pambuyo pake ku Kamuzu College of Nursing, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Anzawo ambiri amene anayamba nawo akadali ndi dipuloma. Ma clinical officer amene amachita opaleshoni ya amayi m'zipatala za m'maboma, alangizi a zaumoyo amene amayenda pa njinga mudzi ndi mudzi ndi katemera, ambiri mwa iwo chipata chimenechi chimawatsekera kunja, chonsecho ndi amene amaona kaye pamene ndondomeko yalephera. Ngati m'banja mwanu muli munthu wotere, nkhani ya fellowship imayambira pa kumuthandiza kukweza maphunziro ake kuno konkuno.

Kudzitamanda sitinaphunzire

Fomu inafuna kuti alembe za nthawi yomwe anatsogolera kusintha kwinakwake. Zomwe ananditumizira zinali zodzaza ndi "tinayesetsa", "mothandizana ndi anzathu", "mwa chisomo cha Mulungu zinatheka". Zonsezo ndi zoona, ndipo ndi mmene tinaleredwera. Mwana wamkazi amene amati "ine ndinachita" timamunena kuti ndi wodzimva. Koma amene akuwerenga fomuyo ali ndi mafomu mazanamazana patsogolo pake, ndipo akufuna kudziwa chomwe iweyo unachita.

Ndinawaimbira foni. "Achemwali, tasiyani kaye Chingerezi. Tandiuzeni m'Chichewa, inuyo munapanga chiyani?"

Anayamba monyinyirika, kenako zinatuluka. Pa chipatala chakumudzi chija anagula kope ndi ndalama zawo. Mayi aliyense wofunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu, ankalemba nthawi yomwe aimba foni yoitana ambulansi, nthawi yomwe yafika, ndi zomwe zinachitika pakati pa nthawi ziwirizo. Analemba choncho kupitirira chaka. Kenako ananyamula kopelo kupita nalo ku msonkhano wa ku boma. Anthu amene ankati vuto ndi amayi ochedwa kubwera ku chipatala anaona okha kuti ambiri ankafika nthawi yabwino, n'kuchedwera pa chipatala pomwepo kudikira galimoto. Kuchokera apo, komiti ya chipatala ndi mafumu anagwirizana zosunga kathumba ka mafuta.

"Ndiye zimenezi simunalembe bwanji?"

"Aa, iwe, kope basi? Zimenezi n'zolemba kwa azungu?"

Eya, n'zolemba. Munthu waona vuto, wasonkhanitsa umboni, waupititsa kwa oyenera, china chake chasintha. Ntchito ya mfundo za zaumoyo ndi yomweyo, kungoti ena amaichita ndi laputopu ndi ndalama za pulojekiti. Tinalemba nkhani ya kope ija kasanu. Ine ndinkakonza ziganizo, iwo ankakana paliponse pamene ndakometsa mopitirira. "Pamenepo chotsa, sizinachitike choncho." Mawu onse anakhala awo.

Makalata, chilolezo ndi ndalama

Fomu ndi mbali imodzi chabe. Pamafunika makalata a umboni ochokera kwa akuluakulu a ku ntchito, ndipo bwana amene ali ndi anamwino ochepa kale sathamangira kusainira kuti mmodzi achoke. Wa m'boma amafunikanso chilolezo cha tchuthi cha maphunziro, ndipo kawirikawiri amasainira kuti akabwerako adzagwira ntchito kwa zaka zakutizakuti. Zimenezi siziyenda sabata imodzi. Kalata imodzi ya achemwali inatenga mwezi ndi theka, maulendo atatu a minibasi.

Ndiye pali ndalama zomwe fellowship siikubwezera: pasipoti, mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEFL omwe mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, ulendo wopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndi bandulo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zinakwera pomwepo. Munthu wa pa NGO mu tauni, wokhala ndi WiFi ya ku ofesi ndi mnzake amene anapitako kale, amayamba mpikisanowu ali patsogolo. Achemwali intavyu yoyeserera tinkachitira pa foni, iwo ataima pa chulu kuseri kwa nyumba za ma nesi, poti m'pamene netiweki imagwira.

"Nanga ana asiyira ndani?"

Apa m'pamene panali nkhondo yeniyeni. Msuweni wathu wamwamuna atapita kukaphunzira kunja, tinamuperekeza ku KIA ndi minibasi yodzaza. Palibe anafunsa za ana ake. Achemwali atangotchula za miyezi 10, funso linabwera kuchokera mbali zonse, kwa apongozi awo, kwa azakhali, ngakhale kwa amayi a ku tchalitchi.

Amayi athu mantha awo anali ena. Iwo amakumbukira zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri anachoka kupita ku Britain, mawodi n'kutsala opanda anthu, mpaka boma ndi mabungwe othandiza anayambitsa pulogalamu yapadera yomwe inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti kuti asamathawe. Mnzawo wina wa mu kwaya mwana wake anapita nthawi imeneyo, ndipo adzukulu amangowaonera pa foni. "Mwana wanga, opita kumeneko sabwera," anatero.

Ndinawafotokozera kuti ma pulogalamuwa anawakonza kuti munthu abwerere, ndipo ena amakusainitsa kumene. Amayi anangoti, "Pepala silibweza munthu." Sindinatsutse, chifukwa nawonso akunena zomwe anaona.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi alamu. Iwo ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, munthu wosalankhulalankhula. Anadikira onse amalize, kenako anati: "Ana ndi anga. Nsima ndimatha kuphika, yunifolomu ndimatha kuchapa. Mayi awo akhala akugona ku naiti zaka zonsezi, anawa anafa?" Panakhala bata. Kunena zoona, mayi wa zaka 38 sangadzaze fomu yotere ngati kunyumba kulibe munthu wonena mawu ngati amenewa. Banja limakhala nawo mu mpikisanowu ngakhale dzina lake silili pa fomu.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu tonse

Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Mayiko ambiri, kuphatikizapo lathu, akhala akuvutika kufika pamenepo, ndipo kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka za zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kwa othandiza akunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri lakunja kumayambiriro kwa 2025, tinaona anzathu akuchotsedwa ntchito ndi anthu a ma ARV akufunsana kuti ziwathera bwanji. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo namondwe wa Freddy anabwera mu March 2023 mliriwo usanathe.

Ndalama zikachepa, wina ayenera kusankha chotsala ndi chochotsa. Ndondomeko yaikulu ya zaumoyo yomwe dziko likutsatira pano, ya 2023 mpaka 2030, idzafunika ina yolowa m'malo mwake. Ine ndikufuna kuti m'chipinda momwe adzalembere muja mudzakhale munthu amene anabereketsapo mayi ndi tochi ya foni. Koma munthu woteroyo ayeneranso kudziwa kuwerenga bajeti, kulemba masamba awiri omwe nduna ingawerenge, ndi kuyankha katswiri wochokera ku Geneva popanda kunjenjemera. Fellowship yabwino imaphunzitsa zimenezo.

Sikuti ndi mankhwala a chilichonse. Alipo amene amabwerako ndi setifiketi yokongola n'kupeza mpando wawo womwewo, bwana yemweyo, palibe wowafunsa zomwe aphunzira, mpaka n'kuthawira ku NGO. Ndiponso amene akulipira maphunzirowo ali ndi nkhani zomwe iwo amaziona kuti ndi zofunika, zomwe nthawi zina si za chidikiro. N'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi funso lakolako, komanso kupangana ndi akuluakulu a ku ntchito usananyamuke kuti ukabwerako udzagwira chiyani.

Pamene zafika

Fomu yoyamba sinadutse. Imelo yake inali ya mizere inayi, yaulemu, yopanda chifukwa. Achemwali anakhala masiku atatu osayankha mauthenga anga, kenako analemba kuti: "Ija yosasiya ntchito ija amatseka liti?" Tinatumiza, ndipo pano tikudikira.

Pakadali pano china chake chachitika kale. Nkhani ya chidikiro, yomwe anailemba chifukwa fomu inafunsa vuto lomwe akufuna kuthetsa, anaifupikitsa kukhala masamba awiri: vuto ndi ili, ndaliona motere, ufa ndi ndiwo za mayi mmodzi pa sabata zingadye ndalama zakuti, zingachokere apa ndi apa. Anaipereka ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo. Sanayankhidwebe, koma aitanidwa kuti akafotokoze pa msonkhano wotsatira. Diresi loti akavale asita kale.

Inu amene mukuwerenga izi pa foni, mwina muli ndi zaka 24 ngati mmene ndinalili poyamba kufufuza zimenezi, ndipo ma fellowship amenewa sanafike pa msinkhu wanu. Koma muli ndi achimwene, azakhali kapena aneba amene agwira ntchito m'chipatala, mu labu, ku famase kapena ku ofesi ya zaumoyo kwa zaka 10, ndipo ali ndi funso lomwe amabwereza pa khonde. Iwo ali ndi zomwe aona, inu muli ndi bandulo, Chingerezi cha pa intaneti ndi luso lofufuza. Afunseni kuti atapatsidwa mphamvu angasinthe chiyani ku ntchito kwawo, mulembe zomwe anene. Apezereni ma pulogalamu atatu omwe akuyenerera, muike masiku otsekera pa kalendala ya foni yanu, muwakumbutse za makalata a mabwana miyezi iwiri nthawi isanakwane. Ndipo tsiku la intavyu, pitani mukatenge ana mukawasungire kwa agogo.